Kutsatira zilonda mu msewu wa M1, kuchokera ku Dedza mpaka ku Ntcheu

Lolemba, 16 Juni, Dedza boma

Ndafika dzuwa litapendeka, zala zitauma ndi chisanu. Minibasi inachedwa kudzaza mu depoti ya Lilongwe, ndipo kondakitala atalengeza kuti lero ndi K8,000 poti mafuta akusowa, palibe anakangana naye kwenikweni. Mayi wina anangoti, "Mwananga, mutipha nazo izi," akumasula mfundo ya pachitenje. Ulendo wake ndi wa makilomita 85 okha, koma taima pa Nathenje, taima pa Kamphata, taimanso pa Chimbiya pomwe anyamata a kanyenya anatiunjirira m'mawindo. Ndagula ya mbuzi ya K1,500, tsabola wake wosanyengerera.

Kwa amene simundidziwa, ndine kiliniko ofesa wa mu wodi ya odwala a opaleshoni, ndipo ndili pa maphunziro owonjezera. Kafukufuku wanga ali ndi funso limodzi. Munthu akapsa kwambiri, kapena akathyoka mwendo mnofu n'kuchoka fupa kukhala pamtunda, pamapita masiku angati asanafike kwa dokotala amene angatseke chilondacho? Ife a ku chipatala chachikulu timawaona atafika, chilonda chitayamba kale kununkha. Komwe anachedwera sikulembedwa m'mafaelo athu. Ndiye ndatenga kalata ya chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ndayiika mu jumbo kuti isanyowe, ndabwera kudzafunsa kuno.

Chipinda ndapeza cha K15,000. Amayi oyang'anira malowa atandiona ndi juzi imodzi anabwera ndi bulangete lachiwiri ndisanapemphe. "Achimwene, kuno si ku Salima." Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mwezi uno nyumba iliyonse imagona ndi moto. Ndikuganiza za ana amene akugona pafupi ndi mbaula usiku uno.

Lachiwiri, 17 Juni, Dedza boma

Tsiku lonse ndathera m'kachipinda ka mafaelo pa chipatala china. Kalaliki wake, bambo wachikulire ndithu, anandipatsa mpando wake iye n'kukhala pa katoni. Amadziwa pamene kaundula wa chaka chilichonse ali osayang'ana n'komwe pachikuto. Masana anandigawira chimanga chokazinga cha m'thumba mwake.

Zolembedwamo ndi zazifupi. Mwana wa zaka zitatu, wapsa ndi phala. Mayi wa khunyu, wagwera pamoto. Mnyamata wa njinga yamoto, fupa pamtunda, watumizidwa ku chipatala chachikulu. Mawu oti watumizidwa ndi omwe andivuta mumtima, chifukwa nkhani imathera pomwepo. Anafika? Mwendo unapulumuka? Anamwino olemba zimenezi alibe mlandu, amakhala awiri pa wodi yodzaza. Koma mayina ena ndawafananiza ndi mndandanda womwe ndinachoka nawo kwathu, ndipo alipo amene sakupezeka mbali inayo.

Madzulo ndagula bandulo ya K2,000, ndadzikulunga m'mabulangete, n'kuyamba kuwerenga magazini a madokotala pafoni. Aphunzitsi anga akufuna chaputala chonena komwe kafukufuku wa microsurgery akulowera. Imeneyi ndi opaleshoni yochitika dokotala akuyang'ana pa maikulosikopu, kusoka mitsempha ya magazi yonenepa milimita imodzi kapena ziwiri, ndi ulusi wa 9-0 kapena 10-0 womwe ndi wowonda kuposa tsitsi. Phindu lake lalikulu ndi lomwe amati free flap. Dokotala amachotsa khungu ndi mnofu penapake pathupi pamodzi ndi mitsempha yake, monga timazulira mbande ndi mizu yomwe pokawokera, n'kukazilumikiza ku mitsempha ya pafupi ndi chilonda. Magazi akayamba kuyenda, mnofuwo wakhala. Mu 1973 ku Melbourne, Rollin Daniel ndi Ian Taylor anasamutsa khungu la mphechepeche n'kukatseka nalo chilonda cha mwendo. Mu 1975 Taylor yemweyo anasamutsa kafupa kowonda ka mwendo kotchedwa fibula. Mu 1984 madokotala a ku China anafotokoza njira yotengera khungu la pantchafu, yomwe chipatala cha Chang Gung ku Taiwan chinadzaitchukitsa mpaka lero ikugwiritsidwa ntchito ponseponse.

Zimenezo n'zakale tsopano. Mukatsegula Journal of Reconstructive Microsurgery, yomwe inayamba mu 1984, kapena Microsurgery, kapena Plastic and Reconstructive Surgery, mupeza nkhani zambiri ndi za kuumbanso bere la mayi amene wachitidwa opaleshoni ya khansa pogwiritsa ntchito mafuta ndi khungu la pamimba. Zina ndi za kusoka timitsempha tosakwana milimita 0.8 pofuna kuphwetsa mkono kapena mwendo wotupa. Zinanso ndi za maloboti, Symani wa ku Italy ndi MUSA wa ku Netherlands, omwe amachotsa kunjenjemera kwa dzanja la dokotala. Olemba ambiri ndi a ku America, China, Japan, Taiwan, Korea ndi ku Ulaya. Ntchito yawo ndi yokongola, ndipo ndimaiwerenga mtima ukugunda. Ya miyendo yotupayo yandikumbutsa anthu a ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga. Mu 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti Malawi yagonjetsa matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, koma amene anatupa kale adakali nayo miyendoyo. Ndapukusa masamba mpaka bandulo kutha, nkhani yofanana ndi ya mnyamata wa njinga yamoto wa m'kaundula uja ndaipeza mwa apo ndi apo.

Lachitatu, 18 Juni, cha ku Bembeke

Pa mphambano ya Bembeke ndakwera kabaza wa njinga yamoto, K3,000, chipewa palibe. Ndachita mantha ndithu. Dzulo lonse ndawerenga za miyendo ya anthu okwera zimenezi, ndipo pamakhota bondo langa limadutsa pafupi ndi miyala. Ndinamuuza mnyamatayo kuti, "Aise, tisathamange," ndipo anamva, anayenda bwino mpaka kufika.

Alangizi a zaumoyo a m'deralo anandiperekeza wapansi kwa agogo ena amene anavomera kuti ndicheze nawo. Mdzukulu wawo wamkazi anapsa dzanja akukwawa, m'nyengo ngati ino, amayi ake atapita kudimba. Tsopano ali sitandade 1. Zala zitatu zinapindikira m'chikhatho n'kumatirira, ndipo pensulo amaigwira ndi dzanja lamanzere. Anandionetsa osachita manyazi.

Chilonda cha moto chikakhala chakuya n'kuchisiya kuti chipole chokha, chimapola mokoka. Khungu la m'mbali limakokedwera pakati, chipsera chimalimba, ndipo mwana akamakula fupa limatalika pomwe chipseracho sichitalika. Akanachitidwa opaleshoni yomata khungu la pantchafu m'masabata oyamba, n'kumangidwa kathabwa koongola zala, mwina bwenzi dzanjali likutambasuka. Lero kuti amasulidwe pafunika kudula chipseracho, ndipo ngati mitsempha yokoka zala ikhala poyera, khungu lopyapyala lomata lija siligwira. Pamenepo m'pamene pamafunika flap.

"Anatiuza kuti tipite ku Lilongwe," anatero agogowo. "Koma bambo, thiransipoti ya anthu awiri, ufa wokadya gadiyani, nkhuni, ndiye kumunda atsala ndani? Tinati chikapola basi." Kabuku ka kuchipatala anakasunga bwinobwino m'chikwama cha tchalitchi, ndipo kalata yowatumiza ili momwemo, yopindidwa kanayi.

Mu 2015 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linawerengera kuti anthu 5 biliyoni padziko lapansi sangapeze opaleshoni yabwino, yotsika mtengo, pa nthawi yake. Chiwerengerochi timachiloweza m'kalasi. Lero ndakhala pamkeka ndi mmodzi mwa anthuwo, ndipo ndalemba dzina la mwanayu pa mndandanda wopita kwa madokotala athu okonza zipsera. Ndawauza agogo chilungamo, kuti tsiku sindingalonjeze koma foni ndiimba.

Potsanzika anandiletsa kunyamuka. Anabweretsa mbatatesi yowiritsa m'mbale ya malata, mchere pambali, ndi thobwa. Nditatulutsa kandalama anakankha dzanja langa. "Mlendo salipira, bambo." Pobwerera ndayenda wapansi theka la njira, miyendo ikuwawa mpaka pano.

Lachinayi, 19 Juni, Lizulu

Sienta yochoka pa Dedza inatinyamula anthu asanu ndi atatu ndi matumba awiri a feteleza, K4,000. Pa Lizulu msewu ndiwo malire, uku Malawi uku Mozambique, ndipo kabichi, anyezi, karoti ndi mbatatesi zimaunjikidwa mbali zonse ziwiri. Amene ndimafuna kukumana naye pa chipatala chaching'ono cha m'derali anali atapita ku maliro, choncho ndakhala pa benchi ya chiwaya kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Tchipisi cha K2,000 kuno n'chochuluka kuposa cha mu Lilongwe.

Pa benchi pomwepo panakhala bambo wina amene chala chake chachikulu cha kumanja palibe. Ataona mapepala anga anafunsa ngati ndili wa chipatala. Anati lamba wa chigayo ndiye anamudula, ndipo chalacho anachitola yekha, anachikulunga mu mpango n'kupita nacho. "Anangosoka pachitsapa. Adokotala, n'zoona zoti kunja amabwezeretsa?"

Ndinamuuza kuti n'zoona, ndipo si za dzulo. Mu 1962 ku Boston, gulu la Ronald Malt linabwezeretsa mkono wa mnyamata wa zaka 12 umene unadulidwa ndi sitima. Mu 1963 ku Shanghai, Chen Zhongwei analumikiza dzanja la munthu wa m'fakitale. Mu 1965 ku Nara, Japan, Komatsu ndi Tamai anabwezeretsa chala chachikulu chodukiratu, ngati chake chomwecho. Ndinamuuzanso kuti chala chodulidwa ndi mpeni chimalumikizika bwino kuposa chozulidwa ndi lamba, chifukwa lamba amakoka ndi kuwononga mitsempha mpaka kutali. Sindinafune apite kwawo akuganiza kuti anamumana chinthu chapafupi. Madokotala amati chala chachikulu chimagwira pafupifupi 40 peresenti ya ntchito ya dzanja, n'chifukwa chake ena amafika posamutsa chala cha kuphazi kuti chikhale cha kumanja. Iye anayang'ana phazi lake nthawi yaitali. Kenako anandionetsa mmene amamangira thumba ndi zala zinayi ndi mano.

Izi ndilembe kwa aliyense wogwira pa chigayo, pa macheka kapena ndi chikwanje. Chala chikaduka, yambani mwatsinya pachilonda ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke. Chalacho chikulungeni mu nsalu yoyera yonyowa pang'ono, muike mu pulasitiki, mumange, ndipo pulasitikiyo muiike m'madzi ozizira okhala ndi ayisi. Chisakhudzane ndi ayisiyo, musachiviike mu sipiriti. Chala chilibe mnofu wambiri, choncho chikazizira chimapirira pafupifupi tsiku lathunthu. Mkono ndi wosiyana, mnofu wake umayamba kufa pakatha maola asanu ndi limodzi. Ngakhale kumene mwapitako asathe kulumikiza, nthawi zina khungu lake limathandiza kutseka chilonda.

Ndagona kwa mphunzitsi wina, mnzake wa mlamu wanga, amene sanandionepo chiyambire. Magetsi kunalibe. Akazi ake anaphika nsima ya mgaiwa, nyemba ndi mpiru wotendera, ana n'kusamutsidwa kuti ine ndigone pabedi.

Lachisanu, 20 Juni, Ntcheu boma

Mlangeni, mphambano ya Tsangano, Biriwiri, kenako kutsetsereka kulowa pa boma. Kuno kwafundako pang'ono.

Ndakumana ndi achikulire ena amene anandiphunzitsa kugwira mpeni ndili wophunzira. Akhala akuchita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma kuyambira ine ndili ku pulayimale, monga mukudziwa kuti m'maboma mwathu maopaleshoni ambiri amachita ndi makiliniko ofesa. Tinakhala pa lesitilanti ina, nsima ya nkhuku ya lokolo K6,500, ndipo ndinawaonetsa kanema wa loboti pafoni. Anaonera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa m'chikwama hadikava yakuda. Mmenemo analembamo wodwala aliyense amene anamutseka fupa la mwendo potembenuza mnofu wa katumba, omwe m'mabuku amati gastrocnemius ndi soleus. Njira imeneyi sifuna maikulosikopu, chifukwa mnofuwo suchoka pa mtsempha wake, umangotembenuzidwa. Analemba tsiku la ngozi, tsiku la opaleshoni, ndi mmene zinathera, ngakhale zomwe sizinayende bwino.

"Bwana, zimenezi bwanji simunazitumize ku magazini?"

"Iwe mwana, angawerenge ndani za ine?"

Apa m'pamene tinakhalitsa, tiyi mpaka kuzizira. Kuti nkhani ituluke m'magazini amenewa pamafunika chilolezo cha komiti ya kafukufuku, Chingerezi chosalala, munthu wodziwa masamu a kafukufuku, ndi mtima wopirira pamene akatswiri oiunika aibweza. Magazini akuluakulu amakonda kafukufuku wa odwala mazanamazana otsatiridwa kwa zaka, pomwe ife wodwala akatuluka amabwerera ku Kasinje kapena kuseri kwa malire, nambala ya foni n'kukhala ya mlamu wake. Kulinso nkhani ya ndalama. Magazini ambiri oti aliyense awerenge mwaulere, monga PRS Global Open yomwe inayamba mu 2013, amalipiritsa wolemba, ndipo m'magazini ena mtengo umafika madola masauzande. Chomwe achikulirewa sankadziwa n'chakuti ofalitsa ambiri amakhululukira kapena kuchepetsera olemba a m'mayiko osauka ngati lathu, bola upemphe. Ndinawaonetsanso Hinari, ndondomeko yomwe WHO inayambitsa mu 2002 kuti zipatala ndi sukulu za m'mayiko ngati Malawi ziziwerenga magazini popanda kulipira. Ndinawachenjeza za ma imelo aja otamanda munthu kuti ndi pulofesa, olonjeza kusindikiza nkhani m'sabata imodzi ukangotumiza ndalama. Amenewo ndi akuba. Ndipo tili ndi yathu, Malawi Medical Journal, yomwe imawerengedwa kunja konse.

Iwo anandiuza chomwe chimawawawa. Kunabwerapo alendo, madokotala abwino ndithu, anachita maopaleshoni kwa sabata ziwiri n'kupita. Amene anasankha odwala, kuwatsuka mabala ndi kuwatsatira miyezi yonse anali iwo ndi anamwino awo. Nkhani itatuluka, dzina la Mmalawi linali limodzi, pakati, ndipo silinali la aliyense wa iwo. Sananene mokwiya. Ine ndi amene ndinakwiya. Masiku ano magazini ena ayamba kufunsa olemba kuti afotokoze mbali imene eni dziko anatengapo, ndipo nkoyenera kutero.

Maganizo anga ndi awa. Amene amagawa ndalama za maphunziro ndi zipangizo amawerenga zosindikizidwa, ndipo hadikava yakuda ija saiona. Bungwe la COSECSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, likuphunzitsa madokotala a opaleshoni m'chigawo chino cha Africa, kuphatikizapo okonza ziwalo ndi zipsera. Sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS ikutulutsa madokotala chaka ndi chaka. Ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chomwe chinatsegulidwa mu 2023. Anthu oti n'kuphunzira kusoka mitsempha alipo, ndipo poyambira sipafuna chuma, ambiri kunja amaphunzirira pa mtsempha wa ntchafu ya nkhuku. Chovuta ndi zotsatira zake: fiyeta yoti igwire wodwala mmodzi maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, magazi osungidwa, ndi namwino woyang'ana mtundu ndi kutentha kwa flap ola lililonse usiku wonse, chifukwa mtsempha ukatsekeka wodwala ayenera kubwerera ku fiyeta msanga. Kuti tipemphe zonsezo, tiyenera kuonetsa ndi manambala athu kuti ndi miyendo ingati yomwe katumba sangaifikire, makamaka zilonda za pafupi ndi kakolo.

Tagwirizana. Iwo akhala wolemba woyamba, ine ndilowetsa zonse mu kompyuta ndi kuthamangira chilolezo.

Loweruka, 21 Juni, Ntcheu, pa siteji

M'mawa achikulire aja ananditengera kwa mnyamata wa kabaza amene anagundidwa ndi lole usiku mu M1. Akazi ake ndiwo anatilandira, mwana kumsana. Mwendo ulipo, koma ukutulukabe mafinya pakabowo kamodzi pamwamba pa kakolo, ndipo njinga, yomwe inali ya bwana wake, anaipereka kwa wina. Malinga ndi kabuku kake, kuchokera pa ngozi kufika tsiku lomwe fupa linaphimbidwa panadutsa masabata asanu. Sabata yoyamba kunali kutsuka, kenako kudikira ambulasi, kenako mzere wa ku fiyeta.

Mu 1986 munatuluka kafukufuku wa dokotala Marko Godina wa ku Ljubljana m'dziko la Slovenia, wa odwala 532 ovulala manja ndi miyendo. Anapeza kuti amene anatsekedwa ndi flap pasanathe maola 72 ankachira msanga, mafinya anali ochepa, ndipo ma flap olephera anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene anachedwa. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti ndi chisamaliro chabwino cha mabala nthawiyo ikhoza kutalikirako, koma palibe amene amati masabata asanu ndi abwino. Mafupa akakhala poyera amauma, tizilombo timakhazikika mkati, ndipo zotsatira zake ndi kabowo kamene ndakaona lero. Ndamuuza kuti afunika ekiselo yatsopano ndi kuonedwanso ndi a mafupa, ndipo ndamulembera kalata.

"Ndidzakweranso njinga, adokotala?" Ndinamuyankha kuti tiyambe tathana ndi mafinyawo.

Ndatopa kwambiri, ndipo chifuwa cha ku Dedza chandigwira. Basi yochokera ku Blantyre akuti ili pa Kampepuza, mtengo K14,000 mpaka Lilongwe. Hadikava yakuda ili m'chikwama changa, ndalonjeza kuibweza pakutha pa mwezi ndikajambula masamba onse. Lolemba ndiyamba ndi kuimbira foni alangizi a ku Bembeke za tsiku la kiliniki ya mwana uja.